Timalumo ta mu ubongo: chifukwa chimene mankhwala ena amabaya osati kumwa

Ndiloleni ndikambeko nkhani ya sayansi imene siiwonekawoneka pa tsamba lino, chonsecho imakhudza mabanja ambiri. Pali mafunso atatu amene ndimawamva kawirikawiri pakati pa anthu. Loyamba ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mayi akangochira kuchipatala anamwino amathamangira kumubaya jakisoni pantchafu mmalo momupatsa piritsi? Lachiwiri, n'chifukwa chiyani anthu ena akayamba kumwa mankhwala a BP amagwidwa ndi chifuwa chouma chosamva uchi kapena mandimu? Lachitatu, kodi mwanamphepo walakwanji, poti kuchipatala nakonso amaika dilipi yofulumizitsa matenda? Ndidaphunzitsako bayoloje ku sekondale kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kuonetsa kuti mafunso atatuwa gwero lake ndi limodzi. Yankho lagona pa tinthu tina tating'ono kwambiri timene ntchito yake ndi kudula mauthenga a m'thupi akamaliza ntchito.

Tiyambire ku mutu. Pansi penipeni pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kotchedwa pituitary. Kukula kwake ndi ngati nsawawa imodzi, ndipo kamalemera pafupifupi theka la galamu. Kamakhala m'kadzenje ka fupa, ndipo kamalendewera ku gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus. Ngakhale n'kochepa chotero, kachiwaloka ndi kamene kamalamulira kukula kwa mwana, kutha msinkhu, kusamba kwa amayi, kutuluka kwa mkaka wa m'mawere, ngakhalenso kuchuluka kwa mkodzo umene munthu amataya pa tsiku. Kamachita izi potumiza mahomoni m'magazi.

Ambiri mwa mauthenga amenewa ndi a mtundu wotchedwa peptide. Kuti timvetse, tiganizire mkanda. Mapuloteni amene timapeza mu nyemba, usipa ndi mazira ali ngati chingwe chachitali cha mikanda, ndipo mkanda uliwonse umatchedwa amino acid. Mitundu ya mikandayi ilipo 20. Chingwe chikakhala chachifupi, cha mikanda yowerengeka, ndiye peptide ameneyo. Uthenga umagona pa ndondomeko imene mikandayo yatungidwira. Homoni ya oxytocin, imene imachititsa chiberekero kukokana, ili ndi mikanda 9. Ya vasopressin, imene imauza impso kuti zisunge madzi, ilinso ndi mikanda 9, ndipo ziwirizi zimasiyana pa mikanda iwiri yokha. Homoni ina yotchedwa TRH ili ndi mikanda itatu basi.

Kudziwa zimenezi sikudabwere mophweka. Mu 1906, Henry Dale wa ku Britain adaona kuti madzi ofinyidwa ku pituitary amakokanitsa chiberekero cha nyama. Padatenga zaka pafupifupi 50 kuti Vincent du Vigneaud wa ku America apeze ndondomeko ya mikanda ya oxytocin n'kuipanga yekha mu 1953, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1955. Akatswiri ena awiri, Roger Guillemin ndi Andrew Schally, adapikisana kwa zaka zambiri kufunafuna mauthenga ochokera ku hypothalamus. Guillemin ankagwiritsa ntchito tizidutswa ta ubongo wa nkhosa, Schally ta nkhumba, nyama zikwi mazanamazana zochokera kophera nyama, kuti apeze kaufa kosadzaza n'komwe chikhadabo. Mu 1969 onse awiri adapeza mmene TRH adapangidwira, ndipo mu 1977 adagawana mphoto ya Nobel pamodzi ndi Rosalyn Yalow.

China chimene chinkawavutitsa akatswiriwa n'chakuti mauthengawa sakhalitsa. Amaonongeka msanga, ndipo chimawaononga ndi thupi lomwelo. M'thupi muli ma enzyme, amene ndi mapuloteni ofulumizitsa ntchito zosiyanasiyana. Amene adaphikapo nyama yolimba ndi papaya wosapsa adaona kale ntchito yake, chifukwa utomoni wa papaya uli ndi enzyme yodula mapuloteni a nyama. Gulu la ma enzyme amene amadula ma peptide limatchedwa peptidase. Ine ndimakonda kuwatchula kuti timalumo. Ena amadula mkanda wa kumapeto kwa chingwe, umodziumodzi. Ena amadula pakati penipeni. Chingwe chikangoduka, uthenga watha, ndipo mikandayo thupi limaitola kuti likatungirenso ina.

Wina angafunse kuti thupi limadzivutitsiranji kupanga chinthu n'kuchiononganso pasanathe mphindi zochepa. Taganizirani belu la pasukulu. Likalira kamodzi ana amalowa m'kalasi, likaliranso amatuluka. Koma litati lizingolira tsiku lonse osaleka, palibe angadziwe nthawi yolowa kapena yoweruka, ndipo pakapita nthawi makutu angazolowere osalimvanso. Tanthauzo la belu limadalira kuti pakhale nthawi imene lili chete. Mauthenga ena a mu ubongo, monga serotonin, minyewa imawayamwanso ikamaliza kuwagwiritsa ntchito. Ma peptide alibe njira yotere. Akatuluka atuluka, ndipo chimene chingawatontholetse ndi kumwazikana kapena kudulidwa ndi timalumo tija.

Umboni wa mfundo imeneyi udachokera ku Pittsburgh mu 1978, kwa Ernst Knobil ndi anzake. Iwo ankafufuza homoni ya GnRH, ya mikanda 10, imene hypothalamus imatumiza ku pituitary kuti iyambitse ntchito za ubereki. Poyesa pa anyani, adapeza kuti akamapereka homoniyi pang'onopang'ono, kamodzi pa ola lililonse, pituitary imayankha bwino. Koma akaipereka mosalekeza, pituitary imasiya kuyankha. M'thupi la munthu wathanzi GnRH imatuluka modukizadukiza chomwecho, ndipo imatha m'mphindi zochepa, kotero kuti uthenga wina usanafike, woyamba umakhala utachoka kale. Madokotala adatengerapo nzeru. Adapanga mankhwala ofanana ndi GnRH, monga leuprolide ndi goserelin, koma adasintha mkanda wachisanu ndi chimodzi kuti timalumo tilephere kudula. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, pituitary imagontha, ndipo homoni ya testosterone imatsika. Ndiwo amene amathandiza abambo odwala khansa ya prostate, popeza khansa imeneyi imakula ndi testosterone.

Timalumoti sitidula mwachisawawa. Chitsanzo chabwino ndi TRH uja. Ntchito yake ndi kuuza pituitary kuti itulutse homoni ina, TSH, imene imakadzutsa kachiwalo ka pakhosi kotchedwa thyroid, kaja kakatupa timati munthu ali ndi chithokomiro. Panjira yochokera ku hypothalamus kupita ku pituitary pali maselo otchedwa tanycyte, amene ali ndi enzyme yotchedwa pyroglutamyl peptidase II. Enzyme imeneyi ndi yosankha kwambiri, moti ntchito yake yodziwika ndi kudula TRH. Mahomoni a thyroid akachuluka m'magazi, enzyme imeneyi imachulukanso, n'kuyamba kudula TRH wambiri asanafike kumene akupita. Ndiye kuti thupi limachepetsa uthenga m'njira ziwiri, kupanga wochepa komanso kudula wambiri. Munthu akamasowa ayodini m'chakudya, zimachitika ndi zosiyana. Thyroid imalephera kupanga mahomoni okwanira, pituitary imalimbikira kutumiza TSH, ndipo thyroid imakula mpaka kuoneka pakhosi. Apa ndi pamene pagona kufunika kwa mchere wa ayodini.

Tsopano tifike ku chipinda chochilira. Mayi akabereka, pamene padamatira nsengwa pamakhala bala lalikulu la mitsempha yotseguka. Chimene chimatseka mitsempha imeneyi ndi kukokana kwa chiberekero. Chikapanda kukokana, mayi akhoza kutaya magazi ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo kutaya magazi pambuyo pobereka ndi chimene chimapha amayi ochira ambiri pa dziko lonse kuposa china chilichonse. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo la WHO limalimbikitsa kuti mayi aliyense abayidwe oxytocin mwana akangobadwa. Mankhwalawa sangaperekedwe ngati piritsi chifukwa m'mimba ndi m'matumbo ndimo muli timalumo tambiri kuposa malo ena onse. Kwa matumbo, oxytocin sasiyana ndi kachidutswa ka nyama, amangomugaya. Chifukwa chomwechi ndi chimene odwala shuga amabayira insulin mmalo momwa.

Ngakhale atalowa m'magazi, oxytocin sakhalitsa. Pakatha mphindi pafupifupi 3 mpaka 5, theka lake limakhala latha. Chiwindi ndi impso zimamuchotsa, ndipo mwa mayi woyembekezera muli mlonda wina wapadera. Nsengwa imatulutsa enzyme yotchedwa oxytocinase, imene imachulukirachulukira m'magazi pamene mimba ikukula. Akatswiri amaona kuti imathandiza kuti oxytocin asaunjikane nthawi yobereka isanakwane.

Kusakhalitsa kumeneku ndi kumene kumayankha funso la mwanamphepo. Mzamba wa kuchipatala akaika oxytocin mu dilipi pofuna kuthandiza mayi amene matenda ake akuchedwa, amawerenga madontho, amamvetsera mtima wa mwana, ndiponso amagwira pamimba kuti aone mmene chiberekero chikukokanira. Akaona kuti chikukokana mopitirira muyeso, amatseka dilipi, ndipo pakangopita mphindi zingapo mphamvu ya mankhwala imayamba kutsika yokha chifukwa timalumo tikugwira ntchito. Mankhwala azitsamba amene mayi wamwa ali kunyumba kapena kuchidikiro alibe potsekera. Palibe amene akudziwa mlingo umene walowa, ndipo akafika m'magazi palibe angawabweze. Ngati mwana wagona mopingasa kapena njira ndi yochepa, chiberekero chimakankha pamalo potseka mpaka chikhoza kung'ambika, mwananso n'kubanika. Sindikunyoza nzeru za makolo athu, amene ankathandizana pa nthawi imene zipatala kudalibe. Ndikungoti pakati pa mankhwala amene ungathe kuwaletsa ndi amene sungathe, moyo wa anthu awiri suyenera kuikidwa pa achiwiriwo.

Oxytocin ali ndi vuto lina losakhudzana ndi ma enzyme, limene kwathu kuno ndi lalikulu. Amafooka ndi kutentha, ndipo amayenera kusungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kumadera otentha ngati kuchigwa cha Shire, kapena kulikonse kumene magetsi amazimazima, botolo likhoza kuoneka labwinobwino mphamvu yake itachepa. Asayansi adapanga m'bale wake wotchedwa carbetocin, amene adamusintha kuti timalumo tisamudule msanga, moti theka lake limatenga mphindi pafupifupi 40 kuti lithe. Kenako adakonza mtundu wake wopirira kutentha, wosalira firiji. Bungwe la WHO lidauyesa pa amayi pafupifupi 30,000 m'maiko 10, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Nigeria ndi South Africa, ndipo zotsatira zimene zidatuluka mu 2018 zidaonetsa kuti umateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin. Mu 2019 udalowa pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Koma dziwani kuti chifukwa cha kukhalitsa komweko, carbetocin amabayidwa mwana atabadwa kale basi. Saloledwa kufulumizitsira matenda, pa chifukwa chomwe chija chakuti ukamupereka sungamubweze msanga.

Enzyme ya nsengwa ija nthawi zina imapitirira malire. Paja ndanena kuti vasopressin amafanana kwambiri ndi oxytocin, choncho lumo lomwelo limadula onse awiri. Mwa amayi ochepa kwambiri, m'miyezi yomaliza ya mimba, vasopressin amadulidwa wambiri mpaka impso zimalephera kusunga madzi. Mayi amakodza malita ambiri pa tsiku, mkodzo woyera ngati madzi, ndipo ludzu silitha ngakhale usiku. Akayezedwa shuga amapezeka kuti alibe. Thandizo lake ndi desmopressin, vasopressin wosinthidwa amene adapangidwa ku Prague m'zaka za m'ma 1960, ndipo enzyme ya nsengwa imalephera kumudula. Vutoli limatha lokha pakapita masabata angapo mayi atachira. Komabe mayi woyembekezera amene akumva ludzu lotere apite kusikelo akanene, chifukwa nthawi zina limayendera limodzi ndi vuto la chiwindi.

Nkhani ya ululu ndi yochititsanso chidwi. Mu 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen, ku Scotland, adapeza mu ubongo wa nkhumba ma peptide awiri a mikanda isanu amene amagwira ntchito ngati morphine. Adawatcha ma enkephalin. Apa padadziwika kuti thupi lili ndi mankhwala akeake ochepetsa ululu. Chokhumudwitsa chidali chakuti mphamvu yake inkazilala mwamsanga kwambiri. Mu 1978, gulu la Jean-Charles Schwartz ndi Bernard Roques ku Paris lidapeza enzyme ya mu ubongo imene imawadula, ndipo lidaitcha enkephalinase. Patapita nthawi zidadziwika kuti ndi enzyme yomwe akatswiri ena adaipeza kale mu impso za akalulu mu 1974. Lero imadziwika ndi dzina lakuti neprilysin.

Ganizo lidali lakuti ukamanga lumo limeneli, ma enkephalin a munthu mwini adzakhalitsa, ululu n'kuchepa popanda morphine. Mu 1980 adapanga mankhwala otchedwa thiorphan ochita zimenezi. Pa ululu sadafike pamene ankayembekezera, koma adapeza ntchito kwina. M'matumbo mulinso ma enkephalin, amene amachepetsa madzi otuluka kulowa m'matumbomo. Mankhwala a racecadotril, amene m'thupi amasanduka thiorphan, amagwiritsidwa ntchito m'maiko ena pochepetsa kutsegula m'mimba. Ndifulumire kunena kuti salowa mmalo mwa Thanzi ORS ndi zinki, zimene ndizo zimapulumutsa mwana wotsegula m'mimba. Mu 2006, Catherine Rougeot wa ku Institut Pasteur ku Paris adapezanso kuti m'malovu a munthu muli peptide ina, opiorphin, imene imatchinjiriza ma enkephalin kuti asadulidwe msanga.

Neprilysin yemweyo amadulanso mahomoni ochokera ku mtima amene amathandiza thupi kutaya mchere ndi madzi. Chifukwa cha ichi, mu 2015 ku America adavomereza mankhwala a Entresto, amene mbali ina yake imamanga enzyme imeneyi, kuti athandize anthu a mtima wofooka. Komanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gulu la Takaomi Saido ku Japan lidaonetsa kuti neprilysin ndi mmodzi mwa ma enzyme amene amasesa amyloid beta mu ubongo. Iyi ndi peptide imene imaunjikana mwa odwala matenda a Alzheimer, aja amachititsa okalamba kuiwala ngakhale maina a ana awo. Mbewa zimene zidalibe enzyme imeneyi zinkakhala ndi amyloid wambiri mu ubongo. Ndikatchula izi ndimaganizira agogo amene m'midzi mwathu amanenedwa ufiti chifukwa chosochera usiku kapena kuyankhula zosamveka. Nthawi zambiri amakhala akudwala matenda a ubongo, ndipo chimene akufunika ndi chisamaliro, osati miyala.

Latsala ndi funso la chifuwa. Pali enzyme ina yotchedwa ACE, imene imapezeka yambiri m'mapapo, komanso mu ubongo ilimo. Imagwira ntchito ziwiri. Imadula peptide ina n'kuisandutsa angiotensin II, amene amafinya mitsempha ndi kukweza BP. Imaononganso bradykinin, amene amamasula mitsempha. M'zaka za m'ma 1960, Sérgio Ferreira wa ku Brazil adapeza kuti ululu wa njoka yotchedwa jararaca uli ndi tinthu tomanga enzyme imeneyi. Kuchokera pamenepo David Cushman ndi Miguel Ondetti adapanga captopril, amene adavomerezedwa mu 1981, ndipo pambuyo pake kudabwera enalapril amene ambiri timamudziwa. Mankhwalawa amatsitsa BP ndi kuteteza impso, makamaka za odwala shuga. Koma poti lumo lamangidwa, bradykinin ndi peptide ina yotchedwa substance P zimatsalira m'njira za mpweya, n'kumakanda pakhosi. Ndicho chifuwa chouma chija.

Amene zikukuchitikirani, musangosiya mankhwala mwakachetechete, chifukwa BP yokwera siimveka kupweteka mpaka tsiku limene yagwetsa munthu ndi sitiroko. Bwererani kuchipatala mukafotokoze, alipo mankhwala ena a BP amene sabweretsa chifuwa, ndipo adokotala adzaonanso ngati chifuwacho sichikuchokera ku TB kapena matenda ena. Koma mukaona milomo, lilime kapena nkhope zikutupa mutamwa enalapril kapena captopril, musadikire kuti kuche. Kutupa kumeneku kumachokera ku bradykinin yemweyo, kukhoza kutseka njira ya mpweya, ndipo kumachitika kawirikawiri mwa anthu akuda kuposa azungu. Amayi oyembekezera nawonso sayenera kumwa mankhwala a mtundu umenewu, chifukwa amaononga impso za mwana wosabadwa.

Zonsezi zikutiphunzitsa kuti malangizo a pa mankhwala sangolembedwa mwamwambo. Akati awa ndi obaya, awa ndi osunga pozizira, awa musaphatikize ndi aja, kumbuyo kwake kuli zaka zambiri za kafukufuku wa mmene thupi limadulira ndi kuchotsera mankhwalawo. Pempho langa kwa apongozi, azakhali ndi onse operekeza amayi kuchidikiro ndi lakuti kabotolo ka zitsamba kazitsala kunyumba, ndipo ngati mayi wamwa kale, muuzeni namwino mosabisa kuti adziwe pogwira. Kwa aphungu ndi makomiti a zaumoyo m'madera mwathu, pokayendera chipatala muzifunsako ngati firiji ya kuchipinda chochilira ikugwira ntchito, ndiponso chimene chimachitika magetsi akazima. Kwa aphunzitsi anzanga a bayoloje, pophunzitsa za ma enzyme tisamathere pa malovu ndi chimanga chokha. Tiziwauza ana kuti ma enzyme omwewo ali mu ubongo, mu nsengwa ndi m'mapapo, chifukwa ena mwa ana amenewa ndi amene mawa adzagwire jakisoni wa oxytocin m'manja.